Cholowa cha Kukhosi

Dokotala Kordecki wayala mapepala atatu patebulo
ngati wamalonda pamsika wa Bałuty,
nati, Sankhani, mayi Halszka, thupi ndi lanu.
Kunja chipale chofewa chikugwa pa Łódź.
Ine maso ali padzanja langa lamanja
lomwe Lachiwiri linatupa ngati buledi mu uvuni
mpaka mphete anachita kuidula ndi pulayala.

Matendawa sitinawatole panjira.
Bambo anawalandira kwa mayi awo
pamodzi ndi mphuno yaitali ndi ngongole ya nyumba.
Usiku wina wa Febuluwale, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi,
khosi lawo linadzitseka lokha
ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo.
Ambulansi inafika tiyi wawo akadali wofunda.

Pepala loyamba likuti piritsi limodzi tsiku lililonse.
Koma ine ndimadzuka tambala wa aliyense asanalire
kukatulutsa tiramu m'depoti,
ndimaiwala makiyi, magolovesi, tsiku lobadwa la mlamu wanga.
Akutinso m'mimba mungamabwadamuke masabata oyamba.
Adokotala, tiramu yanga ilibe chimbudzi,
ndipo njanji salola kuti upatukire pambali.

Lachiwiri likuti jakisoni, wodzibaya ndekha pamimba
pakangotha masabata awiri.
Azikhala m'firiji,
pakati pa batala ndi botolo la nkhaka zowawasa.
Ine amene ndinakomoka tsiku loboola makutu!

Lachitatu silinena zambiri.
Dikira. Ukamva kunyerenyesa pamlomo, baya msanga.
Moyo umenewo ndikuudziwa kale,
mlonda wopanda tchuthi,
womeza malovu pakati pa usiku
kuti aone ngati njira ikadali yotsegula.

Azakhali Mirka sanayaliridwe mapepala.
Anangopatsidwa mankhwala akale aja, basi.
Mawu awo anatsika mpaka pansi pa a bambo m'kwaya,
chibwano chinamera,
anasiya kuimba kutchalitchi, nayamba kuimba kukhitchini.
Ankati, Ndevu umameta, mwanawe,
koma khosi likatseka palibe lumo lotsegulira.
Anafika zaka makumi asanu ndi awiri akusekabe ndi besi yawo.

Ndikanapempha sabata ina yoganiza
pakanapanda envelopu ili m'thumba la chikhoti changa.
Magazi a Jagoda abwerako.
Zaka khumi ndi chimodzi, mano otalikirana,
mphuno ya agogo ake,
ndi chinachonso.
Wakhala pabenchi panja, miyendo ikugwedezeka,
akundiyang'ana kudzera pagalasi la chitseko
monga mwana amayang'anira wamkulu akulowa m'madzi ozizira
kuti adziwe ngati akuwe kapena ayi.

Ndaloza lachiwiri.
Chala chanjenjemera pang'ono, koma chaloza.
Dokotala sanandiyamikire, wangolemba,
nati, Tikaona kuti sakukuyanjani tidzakhalanso pansi,
koma botolo ladzidzidzi lija lisachoke m'chikwama,
ngakhale mukupita kokagula mchere.

Lamlungu madzulo tayeserera palalanje.
Jagoda waligwira ndi manja awiri,
ine ndalibaya kanayi mpaka madzi kutuluka,
iye nkuti, Mayi, lalanje lafa.
Taseka mpaka woyandikana nafe wagogoda khoma.
Kenako ndakweza juzi,
ndatsina khungu pafupi ndi chipsera chomwe iye anatulukira,
ndawerenga mpaka zitatu, ndabwereza,
ndabaya.

Zimapweteka?
Ngati njuchi yaulesi, ndamuyankha.
Lalanje talisenda, tagawana.

Lolemba kunja kukadali mdima ndili kale panjanji.
Anthu akukwera ndi mphuno zofiira, sakundiona.
Pamalo oimira oyamba ndameza malovu,
pachiwiri ndamezanso.
Chizolowezi sichiwerenga mapepala a dokotala.
Koma penapake titadutsa fakitale yakale ya nsalu
ndazindikira kuti papita malo atatu
ndisanaganize za khosi langa,
ndipo ndaliza belu
popanda aliyense wodutsa kutsogolo.